A Buleki ndi Galu Wokana Kudya

Chiigulireni galimoto yawo, a Buleki anali asanalolepo galu kupondamo. Ngakhale anthu ankakwera atayamba apukuta nsapato. Koma m'mawa umenewo anatenga bulangete la pabedi pawo, naliyala pa mpando wakumbuyo, kenako ananyamula Mlendo m'manja ngati khanda n'kumugoneka pamenepo. Galuyo anali atapepuka mochititsa mantha, nthiti zonse zili poyera.

Mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, anaima pageti atapinda manja.

"Bambo, mukungomuzunza," anatero. "Dokotala wa ziweto wanena kale. Wakalamba, ndipo wakana kudya. Lolemba timupititse akamubaye jakisoni, agone mwaulemu."

"Lolemba silinafike."

"Nanga inuyo mwadya chiyani lero?"

"Ndamwa tiyi."

"Tiyi si chakudya, bambo."

"Wodwala ndi galu, osati ine. Tsegula geti."

Dzina lakuti a Buleki sanabadwe nalo ayi. Anawapatsa ndi ophunzira awo, poti moyo wawo wonse ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, atakhala pa mpando wapambali, phazi lili tcheru pa mabuleki a mbali yawo. Wophunzira akangoti athamange pang'ono, mawu anali amodzimodzi: "Buleki!" Ntchito anali atapuma tsopano, koma phazi lija silinamve za kupumako. Ngakhale m'basi munthu ankawaona akuponda pansi dalaivala akamayandikira pokhota.

Galuyo sanali wawo. Anali wa malemu akazi awo, amene anamutola ali kamwana, atanyowa ndi mvula kuseri kwa msika. A Buleki atamupeza pakhonde anafunsa kuti, "Mlendo ameneyu achoka liti?" Mayiwo anangoti, "Mwamutcha kale dzina." Amati mlendo ndi mame, koma mame awa anakana kukamuka mpaka imvi zinamera kukamwa. Kuti alole, a Buleki anaika malamulo ngati a pamsewu: galu asakwere m'galimoto, asayandikire bedi, asadye anthu asanamalize kudya, asauwe nthawi ya nkhani pa wailesi. Ena mwa malamulowo iwo eni anawaiwala chaka chomwecho. Mayiwo ndiwo anawasunga onse, nakaphunzitsa kagaluko tsiku ndi tsiku, poopa kuti kakangolakwa kamodzi abambo apezerapo chifukwa.

Tsopano mayiwo anali atamwalira, ndipo chibalalikireni anthu pamaliro Mlendo anakana chakudya. Madzi ankamwa. Mkaka ankanyambita pang'ono akamukakamiza. Koma mbale yake ankangoinunkhiza, n'kuwayang'ana a Buleki m'maso, n'kugoneka mutu pansi. Munthu amene kale ankadandaula ngakhale ndi fupa anayamba kugula chiwindi, kuphika nkhuku n'kuichotsa mafupa ndi zala zawo, kugwada pakhitchini atatambasula mbale ngati wopempha. Za iwo eni sankaphika. Tebulo lodyera linali ndi mipando iwiri yoyang'anizana, ndipo ankalilambalala ngati dzenje la pamsewu. Tiyi ankamwa choimirira pafupi ndi sinki, basi tsiku latha.

Sikuti anali atayamba kumukonda galuyo. Zimenezo akanakana ngakhale pamaso pa woweruza. Koma m'nyumba monse munatsala awiri okha amene ankatembenukabe geti likalira, ndipo a Buleki sanafune kutsala okha pa uchitsiru umenewo.

Nyengo yozizira iliyonse mayiwo ankakwera sitima ndi galu wawo kupita ku tauni ina yakalekale ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Ankati nyengo imeneyo alendo amachepa, nyumba zogona zimalandira agalu, ndipo pamchenga amawalola kuthamanga. Chaka chilichonse ankawaitana amuna awo, ndipo chaka chilichonse yankho linali lomwelo: "Ndikazizidwe dala? Chifukwa cha galu? Ndili ndi ophunzira." Mayiwo ankabwerako masaya ali gwa ndi mphepo, akuseka kuti kumeneko Mlendo amadya ngati kulibe mawa. Mawu amenewo ndiwo a Buleki anawagwiritsa. Ngati panali malo pa dziko lapansi pamene galuyo akanatsegula pakamwa, anali kumeneko, ndipo iwo anatsimikiza mumtima kuti Lolemba likawapeza Mlendo atadya.

Tauniyo inawanyansa asanatsike n'komwe. Inamangidwa galimoto zisanabwere, ndipo zinkaoneka kuti inalibe nazo chidwi. Misewu inali yoyalidwa miyala, yopapatiza, yokhota popanda chenjezo, nyumba zitapendekerana pamwamba ngati akazi onong'onezana. Masitolo ambiri anali otseka, mipando ya panja itasanjidwa chadodolido, ndipo mphepo yonunkha mchere inkaloza munthu m'mafupa. A Buleki anayendetsa mwa kamba, akutukwana chamumtima amene anajambula misewuyo.

Nyumba yogona alendo inali yakale, ya chitseko chachifupi chimene chinawagunda pachipumi polowa. Pakhomo panali mbale za madzi, mathaulo opukutira mapazi a agalu, ndi misomali yokolekapo zingwe. Mayi mwini nyumba, wamkulu thupi, atavala juzi pamwamba pa juzi inzake, sanawaone n'komwe a Buleki. Anagwada pansi.

"Mlendo! Mwana wanga, chakuchitikira n'chiyani iwe? Wangotsala mafupa okhaokha!" Kenako anasuzumira kumsewu, kuseri kwa mwamunayo. "Nanga amayi atsalira kuti?"

A Buleki anali atawanena mawuwo kambirimbiri, koma sanazolowereke m'kamwa. "Anatisiya," anatero.

Mayiyo analira osabisa, nkhope ataikwirira m'khosi mwa galu. Atapukuta misozi ndi mkono wa juzi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiye inu ndinu a Buleki aja? Ife tinkayesa amangokupekani."

Madzulo anawaitanira kuchipinda chodyera. A Buleki anasuzumiramo: moto unkayaka, alendo ochepa atakhala pa matebulo, ndipo pansi pa tebulo lililonse panali galu, wina atatsamira phazi la mbuye wake. Anthuwo ankacheza ngati apachibale, chonsecho ankangodziwana mayina a agalu. A Buleki anabwerera chambuyo.

"Sindinabwerere kudya ine," anatero. "Ndipatseni nyama yabwino, yosathira tsabola. Ndikamudyetsera kuchipinda, kopanda phokoso."

Kuchipindako anagwada pa matabwa ozizira, nasendeza mbale pafupi ndi mphuno ya galu. Anamunyengerera, anamulamula, anayesa ngakhale kutengera mawu a akazi awo, zomwe zinawachititsa manyazi ngakhale panalibe wowamva. Mlendo ananunkhiza, nawayang'ana, nagoneka mutu. Pomaliza a Buleki anamunyamula n'kumugoneka pabedi, kumapazi, poti pansi panali chisanu. Lamulo lachiwiri linafera pomwepo, ndipo galuyo ndiye ankaoneka wamanyazi kuposa mwini lamulo.

Kutacha anakonza ndondomeko, monga ankachitira ndi wophunzira wovuta. Mphepo ya kunyanja imautsa njala, aliyense amatero. Choncho galu ayende, apume, ayendenso, kenako aone mbale. Anakulunga chingwe kudzanja mpaka chinatsala chachifupi, natsata zikwangwani za alendo. Anakafika ku linga lakale la pamwamba pa doko, kumene mizinga yadzimbiri inkalozabe adani amene anafa kalekale. Anazungulira nsanja ya nyali yowongolera zombo. Anawerenga chikwangwani chilichonse mpaka kumapeto, mokweza, ngati kuti galuyo adzalemba mayeso.

Mlendo ankatsatira mwaulemu, miyendo ikunjenjemera. Koma nthawi iliyonse akadutsa pa kanjira kena kamdima, pakati pa sitolo yotseka ndi nyumba yosungiramo maukonde, ankaima n'kukokera kumeneko.

"Njira si imeneyo," a Buleki ankatero, akukoka chingwe. "Kulibe chikwangwani uko."

Anatsikira kumchenga. Kumeneko agalu a anthu ena ankathamanga opanda zingwe, akuuwa mafunde, akubwera ndi timitengo tonyowa. A Buleki anagwiritsa chingwe chawo ngati pali wofuna kuwalanda. Kenako anagula nsomba kudoko, yongotuluka m'madzi, nakaiphika okha m'khitchini mwa mayi mwini nyumba, akuchotsa minga umodziumodzi ataika magalasi pamphuno. Mlendo anainunkhiza nthawi yaitali, mpaka mtima wa a Buleki unadumpha. Kenako anawayang'ana m'maso muja, nagoneka mutu.

Mayi mwini nyumba anaona zonsezi atatsamira chitseko.

"Amayi chingwe ankachisiya pa msomali uwo," anatero. "Ankangotuluka awiriwiri. Kumene ankapita sindikudziwa, ine ntchito imandimanga pano, koma ankabwera onse mimba zili tantha."

"Galu wopanda chingwe ndi galimoto yopanda mabuleki."

"Ndakuonani pazenera mukulimbana naye pa kanjira kaja. Galu wamkota sakandira pachabe, bambo."

"Mayi, ine ndaphunzitsa anthu ambiri kuposa amene munawayalira mabedi. Wophunzira sasankha msewu."

"Chabwino, aphunzitsi. Nanga msuzi ndikupatseni? Mukunjenjemera kuposa galuyo."

"Tiyi basi."

Madzulo a Loweruka namwino uja anaimba foni. A Buleki anamuuza za linga, za mizinga, za misewu yomangidwa ndi anthu osaganiza. Mwanayo anawalola amalize, kenako anafunsa funso lake limodzi lija, loti iwo adya chiyani. Iwo anati galuyo akuonetsa chidwi.

"Bambo, mawa mubwere. Ndataya amayi, sindikufuna kuti nanunso mukagwere m'misewu ya eni chifukwa cha galu."

"Mawa ndi Lamulungu," anatero a Buleki. "Si Lolemba."

Lamulungu m'mawa Mlendo analephera kutsika masitepe. A Buleki anamunyamula, ndipo pofika pansi iwonso maso anachita mdima, mpaka anagwira khoma. Anadikira kuti chizungulire chidutse, nakoleka chingwe, natuluka. Kunja kunali nkhungu, miyala ya mumsewu ili noninoni. Anayenda pang'onopang'ono, nkhalamba ziwiri zodikirana, mpaka anafika pa kanjira kamdima kaja. Galuyo anaima. Ulendo uno sanakoke, mphamvu zokokera analibe. Anangoloza mphuno kumeneko, nakhala pansi pa miyala yonyowayo.

A Buleki anaima naye. Nzeru zawo zonse zinali zitatha: chiwindi, nkhuku, nsomba, mphepo, mizinga. Chinatsala ndi chinthu chimodzi chokha chimene anali asanayese, ndipo chinali chomwe ankachiopa kuposa zonse. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ananso kumanja, ngakhale mumsewumo munalibe ngakhale njinga. Anawerama, zala zili gwa ndi chisanu, namasula chingwe.

"Yendetsa," anatero.

Mlendo anadzuka. Analowa m'kanjirako akudzandira, koma mosakayika, ndipo a Buleki anatsatira pambuyo, chingwe chopanda galu chikulendewera kudzanja. Phazi lawo linkafuna kuponda pansi pa kona iliyonse. Galuyo anadutsa pansi pa khonde lamiyala lochita kuwerama, nakhotera kuseri kwa nyumba zimene alendo saziona, kumene kunali zovala zoyanikidwa ndi mabwato ogadabuzidwa. Pa benchi ina yoyang'ana kudoko anaima, nanunkhiza mbali imodzi ya benchiyo kwa nthawi. A Buleki anayang'ana kumbali. Anadziwa amene ankakhala pamenepo, ndipo zinawapweteka kuti galu ankadziwa za akazi awo zimene iwo sankazidziwa.

Kumapeto kwa khoma la doko kunali kanyumba kodyeramo, kopanda chikwangwani, mazenera atachita nthunzi. Mlendo anakanda chitseko.

Anatsegula ndi wophika, mwamuna wowonda wachikulire, atamanga epuloni. Anayang'ana galu, anayang'ana a Buleki, kenako anayang'ana malo opanda munthu kumbuyo kwawo. Anangovula chipewa, nachigwira pachifuwa, napatuka kuti alowe.

M'katimo munali matebulo ochepa ndi chitofu chotentha. Mlendo analunjika pa tebulo la pazenera, nalowa pansi pake, nazungulira kamodzi n'kugona ngati wafika kwawo. Mtima wa a Buleki unagunda. Ndi pano. Apa ndiye pamene galuyo ankadya ngati kulibe mawa.

"Achimwene," anatero a Buleki, "muli ndi nyama? Yabwino kwambiri. Ndi ya uyu."

Wophikayo anabwera ndi nyama yodulidwa tizidutswa m'mbale yachitsulo yopindika m'mbali, imene ankaoneka kuti ankaisungira galu yemweyo. A Buleki anagwada naika mbaleyo pansi pa tebulo. Mlendo anaizindikira, mchira unagwedezeka pang'ono. Ananunkhiza. Anawayang'ana m'maso. Anagoneka mutu.

Apa ndiye a Buleki anathedwa. Anadzikoka n'kukhala pa mpando. Anali atachita zonse, ngakhale kumasula chingwe, ndipo mawa linali Lolemba. Anaona m'maganizo mwawo tebulo lachitsulo la dokotala, ndi ulendo wobwerera kunyumba bulangete lili lokha pa mpando wakumbuyo. Anamva chisoni chosaneneka, ndi mkwiyo womwe, koma analibe woti amukwiyire.

Mbale inatera patsogolo pawo. Munali nsomba yokazinga, mbatata ndi buledi wokhuthala, zonse zikufuka nthunzi.

"Sindinaitanitse," anatero a Buleki.

"Nawonso amayi sankaitanitsa," anayankha wophika. "Ankangokhala pamene mwakhalapo, ine n'kubweretsa." Anaika foloko pambali, nabwerera kuchitofu kwake.

A Buleki anafuna kuikankha mbaleyo. Koma anali munthu wamwambo, ndipo kukana chakudya cha munthu amene wangovulira chipewa akazi ako ndi chipongwe. Ananyema kachidutswa ka buledi kuti angochotsa manyazi, nakaponya m'kamwa.

China chake chinagunda nsapato yawo. Chinagundanso.

Anasuzumira pansi pa tebulo. Unali mchira. Mlendo anali atadzutsa mutu, makutu ali njo, maso ali pa dzanja lawo.

Tsono a Buleki akhoza kukhala ouma mutu, koma maso anali nawo. Ntchito yawo yonse inali kuona kumene wophunzira akuyang'ana asanapotoze chiwongolero. Anaika manja pamiyendo. Mutu wa galu unayamba kutsika. Anatola foloko, nabaya mbatata. Mutu unadzuka, maso akutsata folokoyo kuchoka m'mbale mpaka kukamwa. Mwachangu anadula nsomba, naitsitsa pansi pa tebulo, pamphuno penipeni pa galu. Mlendo anatembenuza nkhope mwaulemu, ngati mlendo weniweni amene akukana kuyamba eni nyumba asanayambe, nayang'ananso mbale ya patebulo.

Pamenepo a Buleki anamva mawu awo omwe, a zaka zambiri zapitazo, akulankhula pakhonde chala chili m'mwamba: asadye anthu asanamalize kudya.

Zonse zinabwera pamodzi. Madzulo aliwonse a moyo wawo, iwo ankamaliza kudya, n'kugoneka foloko, n'kukankhira mpando kumbuyo, n'kupita ku wailesi. Kumbuyo kwawo kunkamveka kaphokoso kamene sanakaganizirepo: akazi awo akukokolola zotsala za m'mbale ndi foloko, kuthira m'mbale ya galu. A Buleki ankawadzudzula mayiwo kuti amaphika zambiri. Ndipo chichokereni pamaliro, m'nyumba muja munalibe munthu amene anakhala patebulo, munalibe amene anamaliza kudya, munalibe mbale yokokolola. Galuyo sankadikira imfa. Ankadikira a Buleki. Masiku onsewa ankawayang'ana m'maso kuwafunsa kuti mudya liti, ndipo iwo ankamuyankha ndi chiwindi.

"Chitsiru iwe," ananong'ona, osadziwa bwinobwino kuti akunena yani. "Wophunzira mmodzi yekha amene anasunga lamulo langa, ndiye ndimuphe nalo?"

Anakokera mpando pafupi, nafunyulula kansalu n'kuyala pamiyendo, nagwira foloko ngati munthu wogwira khasu.

Sichinali chinthu chapafupi. M'mimba munali mutaiwala ntchito yake. Nthongo yoyamba inatsika ngati mwala. Atakweza maso anaona zimene akazi awo ankaona chaka ndi chaka ali pa mpando womwewo: mabwato akugwedezeka padoko, mbalame zoyera zikukangana pakhoma, nsanja ya nyali ikutuluka m'nkhungu. Kutsogolo kwawo kunali mpando wina, wopanda munthu. Anazindikira kuti zaka zonsezo mpando wopanda munthuwo unali wawo. Misozi inatsika, ina n'kugwera m'mbale, ndipo sanaipukute chifukwa manja onse anali pantchito. Wophika anapeza chochita kuseri kwa chitofu, nawapatsa msana.

Anadya. Akafuna kuleka ankasuzumira pansi n'kupeza maso awiri akuwerengera nthongo iliyonse, ndiye ankabayanso mbatata ina. Anadya buledi, anadya nsomba mbali imodzi, naitembenuza. Pena pake m'katikati thupi linakumbuka, ndipo anadabwa kumva kuti nsombayo inali yokoma. Zimenezi zinawachititsa manyazi pang'ono, koma sanaime.

Atatsala ndi chidutswa cha nsomba ndi mbatata ziwiri, anagoneka foloko. Anakankhira mpando kumbuyo, miyendo yake ikulira pa matabwa. Pansi pa tebulo Mlendo anaimirira. A Buleki anachotsa minga mosamala, nawerama, napendeketsa mbale yawo pamwamba pa mbale yachitsulo ija, n'kukokolola ndi foloko. Kaphokoso kake kanali komweko.

Mlendo anadya. Anayamba ndi nsomba ya a Buleki, pang'onopang'ono, ngati akukumbukira mmene amatafunira. Kenako mbatata. Kenako analowa nyama ija, mbale ikuyenda pansi, iye akuitsata mpaka inakagunda khoma.

A Buleki anaika manja pamaondo, akuopa ngakhale kupuma. Galuyo atayamba kunyambita mbale yopanda kanthu, anatulutsa foni.

"Wadya," anatero, mwana wawo asanapereke n'komwe moni.

"Bambo, zoona?"

"Ndinayamba ndakunamiza ine? Mvera." Anatsitsa foni pansi pa tebulo kuti amve mbale ikulira. Kenako anamufotokozera zonse, za lamulo, za mpando, za foloko. Anafotokoza mwachidule, ngati lipoti la ngozi imene wolakwa ndi iwo.

Namwinoyo atalankhula, mawu ake anali onyowa, koma anali mawu a kuntchito.

"Ndiye mumve bwino, bambo. M'mimba mwake mwakhala mopanda kanthu nthawi yaitali. Musamupatse zambiri nthawi imodzi. Pang'onopang'ono, koma pafupipafupi. M'mawa, masana, madzulo, ndi kena pakati. Tsiku lililonse, osadumphitsa."

"Pafupipafupi," anabwereza a Buleki. Anayang'ana mbale yawo yopanda kanthu, ndipo anamva msampha ukutseka. "Iwe, ukudziwa tanthauzo la zimene ukunenazi?"

"Ndikudziwa bwino lomwe. Lamulo munaika nokha." Anali akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Kwa dokotala ndiimbako mawa. Mubwera liti?"

"Wophunzira akalimba miyendo. Pali njira zina zoti andionetse."

Anatseka foni. Mlendo anali atagona, chibwano chili pa nsapato yawo, mimba ikukwera ndi kutsika. Kunja nkhungu inali ikuyera, ndipo pamchenga agalu a anthu anali atayamba kale mapokoso awo. A Buleki anapinda chingwe bwinobwino, monga ankapindira chilichonse, nachiika m'thumba la jekete.

"Achimwene," anaitana, "masana mumatsegula?"

"Timatsegula."

"Madzulo?"

"Madzulonso."

"Mutisungire tebulo lino." Anayang'ana pansi. Diso limodzi la galu linali litatseguka, likuwayang'ana. A Buleki anapumira m'mwamba, namasula lamba bowo limodzi. "Ndipo muziika zambiri m'mbalemo. Pazikhala zotsala."